Mwana akufuna kukafufuza za khansa ya amayi m'labotale: kodi imeneyi ndi ntchito?

Bambo a Mphatso, Nchalo:
Abale anga a pagulu pano, ndabwera ndi nkhani yofuna nzeru. Mwana wa mlongo wanga akumaliza maphunziro a zoyezayeza m'labotale ku Blantyre. Ife kumudzi timayembekezera kuti akangomaliza alowe ntchito pachipatala, ayambe kuthandiza amayi ake ndi azing'ono ake awiri amene ali ku sekondale. Tsopano akuti ayi, akufuna apitirize sukulu kuti adzakhale wofufuza za khansa ya khomo la chiberekero. Osati kuchiza odwala, koma kumaunika maselo ndi DNA. Akuti zitenga zaka zina zambiri. Ine monga malume wake ndiyenera kuikapo mawu, koma sindikufuna kuletsa chinthu chimene sindikuchidziwa. Imeneyi ndi ntchito yotani? Imadyetsa munthu? Nanga imathandiza ndani?

Wa ku Joni:
Amalume, fodya wako ndi amene ali pamphuno. Ntchito ikapezeka alowe kaye. Tili ndi ana angati a kuchigwa amene ali ndi madigiri koma akugulitsa mayunitsi pa Dyeratu? Zofufuzafufuzazo ndi za mayiko a ndalama.

Anamwino opuma, Bangula:
Inu a ku Joni, musafulumire. Ine ndagwira ntchito ku wodi ya amayi mpaka kupuma, ndipo nthenda imeneyi ndimaidziwa ndi fungo lomwe. Mayi ankabwera atataya magazi miyezi yambiri, atazungulira kwa asing'anga, mbuzi zitatha m'khola, mwamuna atasamuka kale kuchipinda chifukwa cha chikazi chonunkha. Pofika kwa ife n'kuti chotupa chitafika kuchikhodzodzo. Chimene tinkatha ndi kumupatsa mankhwala opha ululu ndi kumusambitsa, basi. Chiwerengero cha 2020 cha WHO, bungwe loona zaumoyo padziko lonse, chimati m'Malawi muno amayi oposa 4,000 amapezeka ndi khansa imeneyi chaka chilichonse, ndipo pafupifupi 3,000 amamwalira nayo. Tili m'gulu la mayiko amene ali pamwamba penipeni padziko lonse. Ndiye mwana wobadwira kuno akati akufuna kuthera moyo wake pa nthenda imeneyi, ine sindinganene kuti ndi za eni ndalama.

Bambo a Mphatso, Nchalo:
Amayi, zimenezo ndikuzimva. Koma bwanji osakhala dokotala kapena namwino ngati inu, azigwira odwalawo ndi manja? Kusuzumira m'maikulosikopu kumachiza ndani?

Aphunzitsi a sayansi, Ngabu:
Bambo a Mphatso, ngati muli ndi mwana wamkazi amene anabayidwa kusukulu katemera wa HPV, kachirombo koyambitsa khansayi, ndiye kuti ntchito mukuifunsayo inalowa kale m'nyumba mwanu. Ndiloleni nditalikitse pang'ono.

Madokotala anaona kalekale kuti khansa imeneyi imayendera limodzi ndi kugonana, koma choyambitsa chake sankachidziwa. M'zaka za m'ma 1970 ambiri ankaloza chala kachirombo ka herpes, kaja kamatulutsa matuza kumaliseche. Wasayansi wina wa ku Germany, Harald zur Hausen, anafunafuna DNA ya kachirombo kameneko, ndiye kuti malangizo ake achibadwa, m'zotupa za odwala koma sanaipeze. Iye anati tiyang'ane kwa tizirombo toyambitsa njerewere, timene ndi HPV yemweyu. Anzake ambiri sanamumvere, chifukwa njerewere aliyense ankaziona ngati kanthu kachabe. Anakakamira ndi kagulu kake zaka pafupifupi khumi, akupeza mitundu ya tizirombo timeneti m'njerewere wamba koma osapeza kenikeni koyambitsa khansa. Mu 1983 anapeza HPV 16 m'zotupa za khomo la chiberekero, ndipo mu 1984 anapeza HPV 18. Lero tikudziwa kuti mwa amayi 100 alionse odwala khansayi, pafupifupi 70 anaitengera ku mitundu iwiri imeneyi.

Katemera sanapange iye. Anagawira asayansi anzake DNA ya tizirombo tija kuti apitirize. Ku Brisbane m'dziko la Australia, Ian Frazer ndi Jian Zhou mu 1991 anapeza njira yopangira chigoba cha kachiromboka chopanda kanthu m'kati, kuti thupi likachiona likonzekere kudziteteza popanda kudwala. Ku America, Douglas Lowy ndi John Schiller anachitanso mbali yawo. Katemera anavomerezedwa mu 2006, Jian Zhou atamwalira kale mu 1999. Zur Hausen analandira mphoto ya Nobel mu 2008. Kuno kwathu katemerayu anayamba wayesedwa ku Zomba ndi ku Rumphi kuyambira 2013, kenako anafalikira dziko lonse mu Januwale 2019 kwa atsikana a zaka 9.

Kuchokera 1983 kufika 2019 ndi zaka 36. Zur Hausen sanapondeko pa Ngabu, koma ana anga a Fomu 1 akuyenda ndi chitetezo chochokera m'ntchito yake.

Mlangizi wa zaumoyo, East Bank:
Aphunzitsi, mbiriyo ndi yokoma, koma ndiyankhule ngati munthu woyenda ndi bokosi la katemera panjinga. Zofunika kudziwa za khansa imeneyi zinadziwika kale. Katemera alipo. Viniga wopaka pakhomo la chiberekero poyeza alipo. Kamakina kootchera pamalo pamene payamba kuwonongeka kalipo, kamayendera batire. Ife nzeru sitikusowa. Chimene chikutipha n'chakuti Ruo ndi Shire akasefukira, ku Makhanga umafikako pabwato. Freddy atadutsa mu Marichi 2023, mabuku a kuchipatala a amayi ambiri anapita ndi madzi, sitinkadziwanso kuti ndani anayezetsa liti, ndani akudikira zotsatira. Mtsikana wa zaka 9 amene anasiya sukulu, ali kudimba kupirikitsa mbalame, simungamupeze pa kaundula wa aphunzitsi. WHO mu 2020 inaika mulingo woti pofika 2030 atsikana 90 mwa 100 akhale atabayidwa asanakwane zaka 15, amayi 70 mwa 100 ayezedwe, ndipo 90 mwa 100 opezeka ndi vuto athandizidwe. Kuti tifike pamenepo tikufuna anthu ofikitsa zinthu kumudzi. Mwana wanzeru ngati ameneyo kumutsekera m'chipinda chozizira ku Blantyre, ine ndikuona ngati kuluza.

Wa ku Joni:
Mwamvatu. Akunena ndi munthu wa pantchito ameneyo.

Bambo a Mphatso, Nchalo:
Ndamulowetsa mwini nkhani pagulu pano kuti adziyankhire yekha. Tiyamike, awa ndi makolo ako, uyankhe mwaulemu.

Tiyamike:
Zikomo amalume, zikomo makolo nonse. Ndawerenga kuyambira pamwamba.

Alangizi, zonse mwanenazo ndi zoona, ndipo ine ndakulira m'madzi omwewo. Koma ndikufunseni chimodzi. Katemerayu poyamba mtsikana ankabayidwa katatu, kenako kawiri. Mu 2022 WHO inanena kuti kwa atsikana aang'ono kubaya kamodzi kukhoza kukwanira. Anasintha chifukwa cha kafukufuku, ndipo wina wamkulu anachitikira ku Kenya, mmodzi mwa otsogolera ake anali Nelly Mugo, dokotala wa komweko. Kwa inu woyenda panjinga, kusiyana kwa ulendo umodzi ndi maulendo awiri kukafuna mwana yemweyo kutsidya la madzi mukukudziwa kuposa ine.

Amalume, mundilole ndifotokoze chimene ndimayang'ana m'labotalemo, mwina muona chifukwa chake chandigwira mtima. Thupi lathu ndi maselo. Selo limagawikana kuti tikule kapena bala lipole, koma lili ndi zoliletsa kuti lisachulukane mopanda malire. Zazikulu ziwiri ndi mapuloteni otchedwa p53 ndi pRb. DNA ikawonongeka, p53 imaimitsa selo kuti likonzedwe, zikakanika imalilamula kuti life. pRb imaligwira kuti lisayambe kugawikana nthawi isanakwane. Kachirombo ka HPV koopsa kakalowa m'maselo a pakhomo la chiberekero kamapanga mapuloteni ake awiri, E6 ndi E7. E6 imachititsa kuti p53 iphwanyidwe, E7 imamanga pRb. Zimakhala ngati lole yodzaza katundu ikutsika phiri kuchokera ku Blantyre kulunjika pa Thabwa, wina atadula mabuleki onse. Selo limangochulukana, zolakwika za mu DNA zikuwunjikana, ndipo nthawi zambiri DNA ya kachiromboka imadzalowerera m'kati mwa DNA ya mayiyo. Zimenezi asayansi anazitulukira cha mu 1989 ndi 1990.

Si aliyense wotenga HPV amadwala. Mitundu yake ilipo yoposa 200, yoopsa ndi yochepa chabe, ndipo mwa anthu ambiri thupi limakachotsa lokha pasanathe zaka 2. Vuto ndi pamene kakhazikika. Kwa mayi wa chitetezo chabwino pamatenga zaka 15 mpaka 20 kuti pakhale khansa. Kwa mayi amene chitetezo chatsika, monga wa HIV amene sakumwa ma ARV, zikhoza kutenga zaka 5 mpaka 10 zokha. WHO imati mayi amene ali ndi HIV ali pachiopsezo choposa mnzake ka 6. N'chifukwa chake ku kiliniki ya ma ARV amakakamira kuti amayi aziyezetsa pafupipafupi.

Anamwino opuma, Bangula:
Mwanawe, zimene wafotokozazi ife tinkangoziona ndi maso osadziwa chikuchitika m'kati. Tinkadabwa kuona atsikana a zaka 28 akubwera ndi nthenda imene m'mabuku ankati ndi ya azimayi akuluakulu. Zinali nthawi ija ma ARV asanafalikire.

Mlangizi wa zaumoyo, East Bank:
Za kubaya kamodzizo ndavomera, zikutipepukira. Koma sunandiyankhe, chemwali. Zonse wanenazo anazipeza kale eni ake. Iwe ukawonjezerapo chiyani?

Tiyamike:
Pali mafunso amene ndi athu, alangizi. Katemera amene anayamba kuperekedwa kuno amateteza ku mitundu inayi, 6, 11, 16 ndi 18. Wina watsopano amateteza ku mitundu 9. Koma pali mtundu wina, HPV 35, umene umapezeka kwambiri m'zotupa za amayi a mu Africa kuposa a kwina, ndipo suli m'katemera aliyense mwa awiriwa. Munthu wa ku Germany sangasowe nawo tulo, chifukwa kwawo ndi wosowa. Kuti tidziwe mitundu imene ikuzungulira pakati pa amayi a ku Chapananga, ku Tengani kapena ku Ndamera, wina ayenera kukhala pansi n'kuwerenga DNA yake.

China ndi kayezedwe. Viniga watithandiza kwambiri, koma amadalira diso la woyezayo ndi kuwala kwa m'chipindamo. Pamene pawonongeka pamayera mukathira viniga, koma wina aona poyerapo, wina saona. Kuyeza DNA ya HPV kumafuna kachirombo kenikeniko, ndipo kuyambira 2021 WHO imati imeneyi ndiyo ikhale njira yoyamba. Makina a GeneXpert amene amayeza makhololo a TB amathanso kuyeza HPV. Chipatala cha Nkhoma chinali pakati pa zoyamba kuyesa zimenezi m'dziko muno, pamodzi ndi kamakina kootchera mwatchula kaja. Ndipo mayi akhoza kudzitenga yekha zokayezetsa kumaliseche ndi kathonje m'chipinda, n'kupereka kwa inu kuti mupititse. Koma kathonjeko kakayenda tsiku lathunthu m'dzuwa la mu Okutobala la kwathu kuno, zotsatira zimakhalabe zodalirika? Funso limenelo ayenera kuliyankha munthu wa m'labotale amene kutentha kwa ku Nsanje akukudziwa.

Anamwino opuma, Bangula:
Za kudzitenga wekhazo n'zazikulu kuposa mmene abambo pagulu pano mukuganizira. Amayi ambiri ankabwerera pakhomo penipeni akangomva kuti woyeza ndi mwamuna, makamaka ngati ndi mwana wa m'mudzi momwemo.

Koma ine ndili ndi funso langa limene ndinapuma nalo ntchito. Likodzo. Ife timangodziwa kuti likodzo ndi kukodza magazi kwa anyamata osambira m'ngalande. Koma amayi amene amachapa ndi kuvuula mpunga m'madambo, kapena kupha nsomba ku Elephant Marsh, mazira a nyongolotsi za likodzo amakakhazikika mpaka pakhomo la chiberekero. Pamaoneka timadontho ngati mchenga, pamatuluka magazi mukangokhudza, mayi amamva kuwawa pokhala ndi bambo. Ukathira viniga umasokonezeka. Ena tinkawapatsa mankhwala a matenda opatsirana pogonana, kunyumba n'kukabuka ndewu, pomwe chinkafunika ndi praziquantel, mankhwala a likodzo. Ena tinkawaopseza kuti ndi khansa. Kodi khomo la chiberekero limene lili ndi zilonda za likodzo silipereka mpata kwa HPV kuti akhazikike? Ndikanakonda ndimve yankho ndisanafe, ndipo likachokera kwa mwana wa kuchigwa ndingasangalale kawiri.

Tiyamike:
Amayi, funso limenelo ndi limene ndinalemba m'kalata yanga yopemphera malo. Asayansi akulifufuzabe, ndipo malo abwino olifufuzira ndi kuno, kumene likodzo, HIV ndi HPV zimakumana mwa mayi mmodzi.

Wa ku Joni:
Chabwino, koma ndinene chimene anthu akuopa kunena. Ofufuzawa amabwera ndi magalimoto, amatenga magazi a anthu athu, amapita nawo kunja, eni magazi osamvanso kanthu. Kuno ndinamva za mayi wina wakuda wa ku America amene anamudula kachidutswa ka thupi osamuuza, anthu n'kulemera nako. Mwana wathu akakhale wotolera magazi a abale ake kuti ena atchuke?

Aphunzitsi a sayansi, Ngabu:
Nkhaniyo ndi yoona, achimwene, ndipo ikukhudza nthenda yomweyi. Mayiyo anali Henrietta Lacks. Mu 1951 anapita kuchipatala cha Johns Hopkins ku Baltimore ndi khansa ya khomo la chiberekero, anamwalira chaka chomwecho ali ndi zaka 31. Madokotala anatenga maselo a chotupa chake osapempha. Maselowo sanafe, akuchulukanabe m'malabotale padziko lonse mpaka lero, amatchedwa HeLa. Anagwiritsidwa ntchito poyesa katemera wa poliyo, ndipo pambuyo pake anapezeka kuti muli DNA ya HPV 18. Ana ake anadzadziwa patapita zaka zoposa 20. Chinali cholakwa chachikulu, palibe chobisa.

Nyakwawa, kwa Mbenje:
Ndipo musaiwale 2017, nthawi ya mphekesera za anamapopa. Anthu osalakwa anaphedwa m'maboma a kuno kummwera, ndipo azaumoyo ena analeka kuyenda m'midzi. Mantha amenewo sanathe, anangogona. Ine akabwera a kafukufuku ndimawafunsa kuti mukatenga zimenezi mukapita nazo kuti, ndipo mudzabweranso liti kudzatiuza zimene mwapeza. Funso lachiwirilo ndi limene ambiri amachita nalo chibwibwi.

Tiyamike:
Amfumu, funso lanulo ndi loyenera, musasiye kulifunsa. Lero kafukufuku aliyense wokhudza anthu ayenera kuvomerezedwa kaye ndi komiti yoona za ufulu wa otenga nawo mbali, monga komiti ya ku yunivesite ya zaumoyo ya KUHeS kapena komiti ya boma ya NHSRC. Munthu ayenera kufotokozeredwa m'chinenero chake, asaine kapena adinde chala mwa kufuna kwake, ndipo akakana thandizo lake la kuchipatala silichotsedwa. Kutumiza magazi kunja kumafunanso chilolezo chapadera. Achimwene a ku Joni, zinthu zimapita kunja makamaka chifukwa makina ndi anthu odziwa kuwagwiritsa ntchito kuno ndi ochepa. Tonse tikathawa ntchito imeneyi, zizipitabe. Ine ndikufuna ndikhale woyezayo, osati wotolera chabe. Ndipo ndimatha kufotokozera agogo m'Chisena kapena m'Chimang'anja popanda womasulira.

Bambo a Mphatso, Nchalo:
Zanzeru ndamva zambiri, koma funso langa la m'mimba silinayankhidwe. Mlongo wanga ndi wamasiye, amadalira thonje ndi mapira. Azing'ono ake a mwanayu akufuna fizi. Pa zaka zonsezo adya chiyani?

Wolemba mayankho a kafukufuku, Chikwawa boma:
Amalume, ine si wasayansi, koma ndagwira ntchito zoyenda m'midzi ndi mafomu a ofufuza, ndiye ndawaona mmene amakhalira. Ndikuuzeni zoona zonse ziwiri. Choyamba, ambiri sachoka pa digiri n'kungokhala m'kalasi zaka zonsezo. Amayamba alembedwa ngati othandizira m'labotale ya kafukufuku wina, akulandira malipiro, kenako amafunsira sikolashipu ya masters, pambuyo pake PhD. Masikolashipu ambiri otere amalipira fizi ndi kupereka ndalama ya mwezi. Malo ngati Malawi-Liverpool-Wellcome, amene ali pafupi ndi Queens ndipo amagwiranso ntchito kuno ku Chikwawa, aphunzitsa Amalawi ambiri mwa njira imeneyi. Ku Thyolo kulinso yunivesite ya sayansi ya MUST. Chachiwiri, ntchito zake ndi za kontirakiti. Ndalama za opereka thandizo zikatha, umakhala pakhomo kudikira ina. Mpikisano wa sikolashipu ndi woopsa, ena amakanidwa kangapo asanapeze. Si ntchito ya penshoni ngati ya boma. Ndiye musamulonjeze mlongo wanu chuma, komanso musamuuze kuti mwana akupita kukafa ndi njala.

Tiyamike, langizo langa ndi lakuti ulembetse kaye ku Medical Council kuti chiphaso chako cha ntchito chikhale m'manja. Kafukufuku akaima, uli ndi pogwira.

Wa ku Joni:
Ndipo akapita kunja kukachita PhD yakeyo abwerako? Ife tinati tikupita chaka chimodzi.

Tiyamike:
Sindingalumbire za mawa, achimwene, koma mafunso anga ali kuno. Ku South Africa komwe muliko kunali mayi wina, Lynette Denny wa ku University of Cape Town, amene anamwalira mu 2024. Anathera zaka zambiri akufufuza pakati pa amayi a ku Khayelitsha, ndipo ntchito yake inathandiza kuonetsa kuti mayi akhoza kuyezedwa n'kuthandizidwa popanda kudikira maulendo ambirimbiri. Njira imene anamwino athu amatsata lero inadutsa m'manja mwa anthu ngati amenewo. Ine ndikufuna moyo wotero.

Make Dalitso, Nsanje boma:
Ine ndakhala chete chifukwa nkhaniyi ikundipweteka. Amayi anga anamwalira ndi nthenda imeneyi. Anakwatiwa kamodzi, mwamuna mmodzi moyo wawo wonse. Koma pamaliro anthu ankanong'ona kuti ndi nthenda ya oyendayenda, ena ankati anawalodza akuchimuna. Mpaka lero sindinayezetsepo, ndikuopa kumva. Tiyamike mwana wanga, undiuze mosabisa: poti amayi anafa nayo, ndiye kuti ili m'magazi mwathu? Ndili ndi ana aakazi atatu.

Tiyamike:
Pepani kwambiri amayi. Khansa ya khomo la chiberekero siyenda m'magazi a pamtundu. Imachokera ku kachirombo, ndipo kachiromboko n'kofala kwambiri moti pafupifupi munthu aliyense amene anakhalapo malo amodzi ndi mnzake amakatenga nthawi ina. Mwamuna akhoza kukhala nako osaona chizindikiro chilichonse, mwina anakatenga asanakwatire n'komwe. Amayi anu sanalakwe kanthu.

Imene imatha kuyenda pamtundu ndi khansa ya thumba la mazira pamodzi ndi ya m'mawere. Wasayansi wina wamkazi wa ku America, Mary-Claire King, anatsata mabanja amene amayi ankadwala motsatizana kwa zaka pafupifupi 17, ambiri akukayika. Mu 1990 anaonetsa kuti pali chigawo cha DNA chimene chikakhala cholakwika mayi akhoza kupatsira ana ake chiopsezo. Chimatchedwa BRCA1, ntchito yake ndi kukonza DNA yoduka. Koma imeneyo ndi nthenda ina, ndipo viniga saiona.

Kwa inu chofunika ndi kukayezetsa. Sizitenga nthawi, ndipo m'zipatala za boma ndi zaulere. Akapeza poyamba kuwonongeka si khansa ayi, amaotcha pamalopo kwa kanthawi kochepa, nthawi zambiri tsiku lomwelo. Anawo abayitseni ngati zaka zawo zakwana.

Make Dalitso, Nsanje boma:
Anthu amati katemerayo amatseka mimba. Wamkuluyo ndinamuletsa chifukwa cha zimenezo.

Anamwino opuma, Bangula:
Make Dalitso, bodza limenelo latilanda ana ambiri. Katemerayu wakhala akuperekedwa kuyambira 2006, atsikana oyambirira kubayidwa ndi azimayi a ana awo tsopano. Chimene chimatseka mimba ndi khansayo, chifukwa ikakula amachotsa chiberekero chonse. Pita naye kuchipatala ukafunse ngati zaka zake zikumulolabe.

Aphunzitsi a sayansi, Ngabu:
Ndiwonjezerepo umboni. Ku England anayamba kubaya atsikana mu 2008. Mu 2021 ofufuza anapeza kuti mwa amene anabayidwa ali ndi zaka 12 kapena 13, khansa imeneyi inatsika ndi 87 pa 100 alionse.

Nyakwawa, kwa Mbenje:
Zimenezi ndikazinena pabwalo Loweruka, ndipo ndiitana anamkungwi akhalepo, chifukwa atsikana amamvera iwo kuposa ife. Abambonso amve. Mwamuna woletsa mkazi wake kukayezetsa, kapena wokana kudikira masabata amene achipatala anena mkazi akaotchedwa, akudzikumbira yekha umasiye.

Mlangizi wa zaumoyo, East Bank:
Ine maganizo anga sanasinthe kwenikweni. Ndikanakhala ndi ndalama za boma m'manja, ndikanayamba ndi mabwato, mafuta ndi anamwino. Koma chemwali, ngati upitadi, ndikupempha chinthu chimodzi. Zimene udzapeze usakangozilemba m'Chingerezi kuti aziwerenga a kunja. Udzabwere nazo pansi pa mtengo, uuze amayi amene anakupatsa kathonje kaja.

Tiyamike:
Ndamva alangizi, ndipo mudzandikumbutse pagulu pomwe pano.

Bambo a Mphatso, Nchalo:
Ndikakhala pansi ndi mlongo wanga Lamlungu. Ndikamuuza kuti mwana ayambe wafuna ntchito ya m'labotale ya kafukufuku kuti azilandirako kenakake, chiphaso atenge, sikolashipu azifunsira ali pantchito. Fizi ya teremu ikubwerayi ndiyesetsa ine. Mtima sunakhazikike kwenikweni, koma kuletsa sindiletsa.

Nachisale, Miseu Folo:
Pepani kulowerera mochedwa. Apongozi anga anasiya kusamba kalekale, koma kuyambira nthawi yokolola ayambanso kuona magazi, ndipo akudandaula msana ndi chinena. Akukana kuuza ana awo aamuna, anandiuza ine ndekha. Ndimaganiza zodikira tsiku limene achipatala amabwera kudzayeza kumudzi. Ndichite bwanji?

Anamwino opuma, Bangula:
Usadikire, mwana wanga. Kuyeza kwa kumudzi kuja ndi kwa amayi amene sakumva chilichonse. Mayi wosiya kusamba akaona magazi, ayenera kuonedwa ndi dokotala kuchipatala chachikulu cha boma sabata ino. Sikuti ndi khansa basi, pali zifukwa zina, koma ikhoza kukhala ya khomo la chiberekero kapena ya m'kati mwa chiberekero, ndipo yachiwiriyi viniga saiona. Mwina adzatenga kachidutswa kuti kakayezedwe m'labotale, mwina adzakutumizani ku Queens. Tenga buku lawo la kuchipatala, ndi la ma ARV ngati amamwa. Ukafunse tsiku lobwerera kukamva zotsatira, ulilembe, ndipo usiye nambala ya foni imene imagwira. Mwamuna wako umuuze ndi iwe mwini, mwaulemu, chifukwa pafunika ndalama ya ulendo.

Nachisale, Miseu Folo:
Zikomo amayi. Tinyamuka Lolemba m'mamawa. Koma akatitumiza ku Blantyre tilibe wachibale kumeneko.

Aphunzitsi a sayansi, Ngabu:
Mchemwali wanga amakhala ku Zingwangwa, si patali ndi chipatala. Ndamuimbira, wavomera kuti mukhoza kufikira kwa iye. Nambala yake ndikutumizirani kumbali.